Pleya ya M'thumba ndi Kabuku Kake: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kwa munthu amene wangopeza kumene pleya ya m'thumba, kaya yongoimba nyimbo kaya yoonetsanso mavidiyo, ndipo akuyesa kuizolowera mothandizidwa ndi kabuku kamene kanabwera m'bokosi. Mapleya ndi osiyanasiyana. Choncho pamene zimene ndalemba pano zasemphana ndi kabuku kanu, mverani kabuku, chifukwa iko kanalembedwera pleya yanuyo pamene ine ndikukamba za onse pamodzi.

Kodi kabukuka ndiyenera kukawerenga konse ndisanayatse pleya?

Ayi, ndipo amene amayesa kutero ndi amene amakaponya m'dirowa msanga. Kabuku ka malangizo si nthano yoti muyambe pa "padangotero" mpaka kukafika pothera. Kamawerengedwa pleya ili m'manja: mwawerenga mzere umodzi, mwadina, mwaona chimene chachitika pa sikirini, kenako mwapita pa mzere wotsatira. Chimene chala chachita sichiiwalika msanga ngati chimene diso langodutsapo.

Tsiku loyamba masamba atatu okha ndi okwanira. Loyamba ndi lija lili ndi chithunzi cha pleya, pamene batani lililonse ndi bowo lililonse lapatsidwa dzina kapena nambala. Pamenepo khalanipo ndithu, chifukwa masamba ena onse amatenga ngati mayinawo mwawagwira kale. Akati "dinani batani 4" sabwerezanso kukuuzani kuti lili mbali iti. Lachiwiri ndi la katchajidwe. Lachitatu ndi la machenjezo, limene pafupifupi aliyense amalidumpha. Zotsalazo muzizifuna pamene funso labuka, kudzera pa tsamba la zamkatimu. Koma dziwiranitu pamene pali tebulo la mavuto ndi njira zowathetsera, limene kawirikawiri limakhala chakumapeto pa mutu wakuti Troubleshooting. Pindani kona ya tsambalo. Mudzalifuna tsiku limene mtima uli m'mwamba.

M'bokosi mwanga munali kapepala kopindapinda basi. Buku lenileni lili kuti?

Makampani ambiri amaika m'bokosi kapepala koyambira kokha, kolembedwa Quick Start Guide, ndipo buku lathunthu, lotchedwa User Manual kapena Help Guide, amaliika pa webusaiti yawo. Mapleya ena amabwera nalo m'kati mwawo momwemo ngati fayilo ya PDF. Lumikizani pleya ku kompyuta, tsegulani mafoda ake, muone. Mukalipeza likopereni pa kompyuta nthawi yomweyo, chifukwa tsiku limene mudzafomate pleyayo, kutanthauza kufufuta zonse zili m'kati mwake, bukulo lidzapita limodzi ndi nyimbo.

Pofufuza pa intaneti, dzina la kampani lokha silikwanira. Sony yokha yatulutsa mitundu yambirimbiri ya Walkman kuyambira pa yoyamba ija ya makaseti ya mu 1979. Funani nambala ya mtundu wa pleya yanu, yolembedwa tizilembo ting'onoting'ono kumsana kwake kapena pa bokosi, pafupi ndi mawu akuti Model. Musaisokoneze ndi nambala ya Serial, imene ndi ya pleya yanu yokhayo ndipo siingakupezereni buku.

Chingerezi cha m'kabukumo sichikumveka bwino. Vuto ndi ine?

Nthawi zambiri ayi. Timabuku tambiri, makamaka ta mapleya opanda dzina lodziwika, tinalembedwa m'chinenero china n'kumasuliridwa mothamanga, moti ngakhale mwini Chingerezi amakanda m'mutu. Zikatero dalirani zithunzi kuposa mawu. Zizindikiro n'zofanana paliponse: kamakona atatu koloza kumanja ndi kuimba, timizere tiwiri toimirira ndi kuimitsa kaye, mivi iwiri yopingasana ndi kusakaniza nyimbo, mivi yozungulira ndi kubwereza, ndipo kagiya ndi pamene mumasinthira kachitidwe ka pleya, pa Settings.

Ngati pleya yeniyeniyo yatulukira m'chinenero chimene simuchidziwa, musadine mwachisawawa. Onani m'kabuku kuti mawu akuti Language ali pa mzere wachingati pansi pa Settings, kenako werengani mizere yomweyo pa sikirini. Mayina a zinenero amalembedwa chilichonse m'zilembo zake, choncho English muizindikira ikangofika.

Ndikadina batani lomwelo, lero lichita ichi mawa lichita china. Pleyayi ndi yabwinobwino?

Ili bwino. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chonse cha tizipangizo timeneti, ndipo munthu akangopamvetsa, theka la mafunso ake limatha lokha.

Pleya ili ndi mabatani ochepa koma ntchito zambiri, ndiye batani limodzi limasenza ntchito zitatu kapena zinayi. Chimene lichite chimadalira zinthu ziwiri: mwalidina motani, ndipo muli pati. Kabuku kakati press, ndiye kuti dinani n'kuchotsa chala. Kakati press and hold kapena long press, ndiye kuti dinikizani osachotsa chala kwa masekondi awiri kapena atatu. Mawu awiriwa amafanana kwambiri pa pepala, moti wowerenga mothamanga amawaona ngati amodzi.

Titenge batani lopitira kutsogolo. Nyimbo ikuimba, mukalidina kamodzi mwadumphira ku nyimbo yotsatira. Mukalidinikiza, nyimbo yomweyo ikuthamangira kutsogolo. Muli pa mndandanda wa mafoda, batani lomwelo likutsitsani pa mzere wapansi. Muli pa wailesi, kudina kumasuntha pang'ono nambala ya siteshoni, pamene kudinikiza kumauza pleya kuti ifufuze yokha mpaka ipeze siteshoni yomveka. Lobwerera m'mbuyo lili ndi kakhalidwe kakenso: mukalidina pakati pa nyimbo, mapleya ambiri amakubwezerani koyambira nyimbo yomweyo, ndipo kuti mufike pa yam'mbuyo muyenera kudina kawiri motsatizana. Pa mapleya ang'onoang'ono, batani loimbira ndi lomwenso limazimitsa pleya mukalidinikiza, n'chifukwa chake anthu a chala cholemera amadandaula kuti "imangozima yokha". Mapleya ena alibe mabatani a voliyumu: mumayamba mwadina lolembedwa VOL, kenako mabatani opitira kutsogolo ndi m'mbuyo aja amasanduka okwezera ndi kutsitsira mawu kwa kanthawi.

Ine ndimalangiza kutenga pensulo n'kulemba pambali pa chithunzi chija cha mabatani: kudina kumachita chakuti, kudinikiza kumachita chakuti. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyimbo ikuimba koma mabatani onse sakugwira.

Yang'anani kaswitchi kolembedwa Hold, kapena kachizindikiro ka loko pa sikirini. Kanaikidwa dala kuti mabatani asamadinike m'thumba. Kakankheni kabwerere. Pa mapleya opanda kaswitchi, loko amachotsedwa podinikiza batani linalake, ndipo kabuku kamanena kuti ndi liti.

Ndinamva kuti chipangizo chatsopano chimafunika kutchajidwa usiku wonse koyamba. N'zoona?

Langizo limenelo ndi la mabatire akale a nickel. Mapleya a masiku ano amagwiritsa ntchito batire la lithium, limene silifuna mwambo umenewo ndipo silifunanso kuti muzilidikira lithereretu musanalitchaje. Kulithetseratu kawirikawiri ndiye kumalikalambitsa msanga. Tchajani mpaka chizindikiro chisonyeze kuti ladzaza, basi.

M'kabuku onanimo zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu imene pleya imalandira: pafupifupi onse amafuna mavoti 5 a USB wamba. Chachiwiri, mapleya ena otsika amafuna kuti switchi yaikulu ikhale pa ON pamene mukutchaja. Mukaisiya pa OFF, usiku wonse udutsa batire lili chomwecho. Palinso kachinthu kena kosowetsa mtendere: mapleya ena a bowo la USB-C salandira moto kudzera pa kebulo imene mbali zonse ziwiri ndi USB-C. Yesani ija ya mutu waukulu wamakona anayi mbali imodzi, imene nthawi zambiri ndi yomwe inabwera m'bokosi.

Nyimbo ndimalowetsa bwanji?

Pali njira zitatu, ndipo kabuku kakuuzani kuti yanu ndi iti.

Yosavuta ndi ija pleya imaoneka pa kompyuta ngati fulashi wamba. Mumatsegula foda ya Music n'kukokeramo mafayilo. M'kabuku njirayi imatchedwa MSC kapena Mass Storage. Yachiwiri ndi MTP, imene pleya imaoneka ndi dzina lake ngati mmene foni ya Android imaonekera. Windows imaimva yokha, koma kompyuta ya Mac imafuna pulogalamu yothandizira. Mapleya ena amalola kusankha pakati pa ziwirizi pansi pa USB Mode. Yachitatu ndi ya iPod, pleya ya kampani ya Apple, imene siimba nyimbo zongokokeredwamo: ziyenera kudutsa mu pulogalamu ya iTunes, kapena mu Finder pa ma Mac atsopano. Wogwiritsa ntchito iPod asamale ndi mawu akuti Sync. Amatanthauza kuti iPod ifanane ndi zimene zili pa kompyutayo, ndiye mukailumikiza ku kompyuta ya mnzanu n'kuvomera, nyimbo zanu zimafufutika n'kulowa zake.

Mukamaliza kukopera, musangozula kebulo. Pa njira ya MSC yambani mwadina Eject pa kompyuta, chifukwa nthawi zina kompyuta imakhala ikadali kulemba ngakhale ikuoneka ngati yamaliza. Mukachotsa kebulo, ipatseni pleya mpata iwerenge zimene mwaikamo. Mapleya ena amachita okha, ena amafuna kuti mudine Update Library kapena Refresh.

Ikutchaja koma kompyuta sikuiona.

Yambani ndi kebulo, musanaganize zina zonse. M'kebulo ya USB wamba muli mawaya anayi, awiri a moto ndi awiri odutsa mafayilo. Makebulo ena, makamaka obwera ndi timagetsi kapena timasipika, ali ndi awiri a moto okha, koma kunja simungawasiyanitse. Sinthani kebulo, sinthani bowo la pa kompyuta, kenako onani pa sikirini ya pleya ngati ikukufunsani kusankha pakati pa kutchaja kokha ndi kutumiza mafayilo.

Nyimbo zina zikuimba, zina ikulemba kuti format error. Kusiyana kwake n'kotani?

Tsegulani tsamba lolembedwa Specifications, lija la manambala okhaokha losakopa maso. Pamenepo pali mndandanda wa mitundu ya mafayilo imene pleya yanu imaimva.

Pa CD, mphindi imodzi ya nyimbo imadya malo pafupifupi 10 MB. MP3 inapangidwa kuti ichepetse zimenezo: imataya tizigawo ta mawu timene khutu la munthu silitimva bwino, monga kamawu kofooka kobwera pamodzi ndi mawu aakulu, n'kutsala ndi fayilo yaing'ono pafupifupi kakhumi. Ntchito yaikulu yoipanga inachitikira ku bungwe la Fraunhofer mumzinda wa Erlangen ku Germany, ndipo dzina lakuti .mp3 linasankhidwa mu 1995. Pafupifupi pleya iliyonse imaimba MP3. Mitundu ina ndiyo imavuta: AAC, imene mafayilo ake amathera ndi .m4a, WMA ya Microsoft, OGG, ndi FLAC, imene imachepetsa fayilo popanda kutayapo kanthu koma imatenga malo ambiri. iPod yakale ija ya gudumu, mwachitsanzo, imaimba AAC koma siimba FLAC kapena WMA.

Chimene anthu amalakwitsa n'kusintha dzina la fayilo, kuchotsa .m4a n'kulemba .mp3. Kumeneko n'kusintha chikuto cha buku, zam'kati zili zomwezo. Pamafunika pulogalamu yosinthira mtundu wa fayilo, ndipo zaulere zilipo, monga VLC ndi Audacity. Sungani fayilo yoyambayo, chifukwa nthawi iliyonse imene mwasintha kuchoka ku mtundu wotaya mawu kupita ku unzake, kakomedwe kamatsikako.

Ogwiritsa ntchito Mac angaonenso nyimbo iliyonse ikuoneka kawiri, ina dzina lake likuyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, ndipo siimba. Imeneyo si nyimbo. Ndi kafayilo kobisika kamene Mac imasiya, ndipo mukhoza kukafufuta.

Mulowa nyimbo zingati?

Werengetsani nokha, n'kosavuta. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps (nambala imeneyi ikakula, kakomedwe ka mawu ndi kukula kwa fayilo zimakulanso) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi pafupifupi 4 MB, ndiye mu 1 GB mumalowa nyimbo pafupifupi 250. Ya 320 kbps, imene ndi MP3 yapamwamba kwambiri, imadya 2.4 MB pa mphindi, ndiye mu 1 GB mulowa pafupifupi 100. Nambala imene yalembedwa pa bokosi kawirikawiri amaiwerengetsa ndi mafayilo ang'onoang'ono aja.

Kuti muone kumene tachokera: MPMan ya ku South Korea ndi Rio PMP300, mapleya a MP3 amene anatuluka mu 1998, anali ndi 32 MB, kutanthauza nyimbo za theka la ola. iPod yoyamba, ya mu October 2001, inali ndi 5 GB, ndipo Apple inkaitsatsa kuti ndi nyimbo 1,000 m'thumba. Anthu anazizwa nazo.

Pa bokosi analemba 16 GB koma kompyuta ikuonetsa 14.9. Andibera?

Sanakubereni. Opanga amawerenga 1 GB ngati mabaiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Mukagawa, 16 imasanduka 14.9, 8 imasanduka 7.45, ndipo 32 imasanduka 29.8. Pamenepo pleya imadulaponso kagawo kosungira pulogalamu yake.

Kuba kwenikweni kumaoneka mwanjira ina. Pali mapleya ndi makhadi achinyengo amene anakonzedwa kuti aziuza kompyuta kuti ali ndi malo ambiri pamene ali ndi ochepa. Mafayilo oyamba amalowa bwino, koma mukadutsa malire enieniwo, zimene mukuika zimaoneka mayina okha, kuimba osaimba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Mac ndi Linux, imadzaza khadi lonse n'kuliwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake koona. Yesani musanasungemo chinthu chimene mulibe kwina.

Memori khadi yanga sikuwerengedwa.

Kabuku kamanena malire a khadi limene pleya ingalandire, ndipo malirewo ali ndi chifukwa. Makhadi a microSDHC, oyambira 4 GB kulekeza 32 GB, amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32. A microSDXC, oyambira 64 GB kupita m'tsogolo, amabwera ndi exFAT, imene mapleya ambiri akale ndi otsika saidziwa. Nthawi zina khadi lalikulu limagwira mukalifomata kukhala FAT32, koma zimenezo n'zongoyesa. Kumbukiraninso kuti FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, zimene zimakhudza mavidiyo aatali. Njira yabwino n'kufomatira khadi m'pleya momwemo, mutasunga kaye zonse zili m'menemo. Polowetsa, likankheni ndi chikhadabo mpaka limveke kuti "thwa", ndipo potulutsa likankheninso m'kati kuti lidumphe lokha. Musalikoke.

Nyimbo zanga zonse zalembedwa Unknown Artist, ndipo sizikutsatana bwino.

Pleya siiwerenga dzina la fayilo lokha. M'kati mwa fayilo ya MP3 muli kachikalata kobisika kotchedwa ID3, kamene kamasunga mutu wa nyimbo, dzina la woimba, la chimbale ndi nambala ya nyimboyo pa chimbalepo. Mukalowa pa Artists kapena Albums, pleya imasanja potengera kachikalatako. Kakakhala kopanda kanthu, zonse zimaunjikidwa pa Unknown. Kakalembedwa mosiyanasiyana, apa dzina lathunthu apo lachidule, woimba mmodzi amaoneka ngati anthu atatu. Mungakonze pa kompyuta ndi pulogalamu ngati Mp3tag. Mukaona zilembo zosamveka m'malo mwa mayina, sungani kachikalatako mu mtundu wa ID3v2.3, umene mapleya ambiri amaumva kuposa 2.4.

Ngati zonsezi zikukutopetsani, lowani pa Folder View, muziyenda m'mafoda anu monga mmene munawasanjira nokha. Koma apanso pali msampha. Makina ambiri amasanja manambala ngati zilembo, ndiye 10 amabwera patsogolo pa 2. Lembani 01, 02, 03, ndipo ngati mafayilo apitirira 99, monga mitu ya buku lomvetsera, yambani ndi 001. Mapleya ena otsika salabadira n'komwe mayina: amaimba motsatira mmene mafayilo analowera. Amenewo mumawakopera foda imodziimodzi mwadongosolo. Ndipo musanavutike ndi zonsezi, onani ngati simunayatse Shuffle, yosakaniza nyimbo ija, mosadziwa.

Nyimbo zimene ndinatsitsa pa Spotify kapena Apple Music ndingazisamutsire mu pleya?

Ayi. Mafayilo amenewo ndi okiyidwa, amatseguka mu pulogalamu yawo yokha ndiponso pokhapokha ngati mukulipirabe. Mapleya amene mungaikemo pulogalamuyo, monga oyendera Android, ndi amene angaziimbe. Nyimbo zogula kwathunthu ngati mafayilo, kapena zokopera pa CD yanu, zimasamuka bwinobwino.

Pa bokosi palembedwa MP4 player, koma vidiyo yanga ya MP4 ikukana.

Dzinalo limanamiza anthu ambiri. Opanga ena amalemba MP4 pongotanthauza kuti pleya imaonetsa mavidiyo. Timapleya tambiri ta sikirini yaing'ono timangomva mtundu wotchedwa AMV, kapena AVI yokonzedwa mwapadera, pa kukula kochepa ngati 160 kwa 128. Vidiyo ya pa foni ndi yaikulu kwambiri kwa ito. Onani pa Specifications mtundu ndi kukula kofunika, ndipo fufuzani m'mafoda a pleya ngati muli pulogalamu yosinthira imene opanga anaikamo. Kunena zoona, pa sikirini yonga chidindo cha kalata, ntchito yake imaposa phindu.

Ndikakweza voliyumu pamabwera chenjezo, kapena imakana kupitirira penapake. Ndingachotse?

Mungachotse, koma yambani mwadziwa chifukwa chake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere mawu a madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata popanda kuvulaza makutu, ndipo kwa ana malire ndi madesibelo 75. Chovuta n'chakuti mukangokweza ndi madesibelo atatu okha, nthawi yololedwayo imatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10, ndipo pofika pa 95 mwatsala ndi ola limodzi ndi mphindi 15 sabata yonse. Mapleya ogulitsidwa m'mayiko a European Union amabwera atamangidwa pa 85, amalola kukwera mpaka 100 mukavomera chenjezo, ndipo chenjezolo limabweranso pakatha maola 20 akumvetsera. Pa Walkman malire amenewa amatchedwa AVLS, pa ena Volume Limit.

M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Makutu akamalira mutavula mahedifoni, kapena mawu a anthu akamamveka ngati akuchokera kuseri kwa chitseko, ndiye kuti mwadutsa kale malire. Anthu ambiri amakweza voliyumu pofuna kugonjetsa phokoso lowazungulira. Pamenepo chothandiza ndi mahedifoni otseka bwino khutu. Ngati anu anabwera ndi timphira tosiyana kukula, yesani tonse, chifukwa kamphira kosakwana kamathawitsanso mawu a besi.

Wailesi ikungolira phokoso.

Lowetsani mahedifoni a waya. Waya wakewo ndiye eriyo, choncho utambasuleni, musaukulunge. Ndi chifukwa chomwecho mapleya ambiri salola kumvera FM pa mahedifoni a Bluetooth.

Mahedifoni a Bluetooth sakulumikizana.

Kuyatsa mahedifoni n'kosiyana ndi kuwaika pa pairing, pamene amakonzekera kulumikizana ndi chipangizo chatsopano. Ambiri amafuna kuti mudinikize batani lawo mpaka kagetsi kayambe kuphethira mwachangu, ndipo pamenepo mufunika kabuku ka mahedifoniwo, osati ka pleya. Ngati anazolowera foni yanu, zimitsani kaye Bluetooth ya foniyo, apo ayi athamangira komweko pleya isanawaone. Ziikeni pafupi polumikiza koyamba. Pambuyo pake zimamvana mpaka mamita pafupifupi 10, ngakhale khoma ndi thupi lanu lomwe zimachepetsa mtundawo.

Pleya yauma, sikuyankha chilichonse. Ndidine Reset kapena Format?

Imani kaye. Pali mawu atatu amene amakhala moyandikana m'kabuku koma zotsatira zake n'zosiyana kutalitali.

Reset, kapena Restart, ndi kungoizimitsa mokakamiza kuti idzukenso. Siifufuta nyimbo. Pa mapleya ambiri pali kabowo kakang'ono kamene mumalowetsamo kawaya kopanira mapepala kowongoka. Onetsetsani pa chithunzi chija kuti bowolo ndi la Reset, chifukwa la maikolofoni limaoneka chimodzimodzi, ndipo mukalibaya mwaiwononga. Pa ena mumadinikiza batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi khumi. Pa iPod ya gudumu mumadinikiza Menu pamodzi ndi batani lapakati mpaka chizindikiro cha Apple chioneke.

Restore Settings, kapena Default Settings, imabweza chinenero, nthawi, voliyumu ndi zina zotero kuti zikhale ngati mmene zinalili pochoka kufakitale. Pa mapleya ambiri nyimbo zimatsala, koma werengani bwino, chifukwa Factory Reset ya mapleya a Android, komanso Restore ya mu iTunes, zimasesa zonse.

Format ndiye tsache lenileni. Imafufuta chilichonse, nyimbo, zithunzi, mawu amene munajambula, ngakhale buku la PDF lija. Ndi njira yomaliza, ndipo kabuku ka mapleya ambiri kamachenjeza kuti muzifomatira pa menyu ya pleya, osati pa kompyuta, chifukwa kompyuta ikhoza kusankha njira imene pleyayo siiwerenga.

Ikamauma pa nyimbo yomweyomweyo nthawi zonse, wolakwa ndi fayiloyo. Ichotseni. Ikakana kuyaka n'komwe, isiyeni pa tchaja kwa theka la ola musanaiweruze, popeza batire lotheratu limatenga nthawi kuti lionetse moyo.

Firmware update n'chiyani, ndipo ndi yofunika?

Firmware ndi pulogalamu imene imayendetsa pleya. Opanga nthawi zina amatulutsa yatsopano yokonza zolakwika. Ngati pleya ikugwira bwino, palibe chokukakamizani. Mukafuna kuika, tengani ya nambala yeniyeni ya pleya yanu pa webusaiti ya opanga, batire likhale lodzaza, ndipo musazule kebulo pakati pa ntchito. Ikadukira panjira, pleya ikhoza kusayakanso. Kwa okonda kusegulasegula zinthu, pali firmware yaulere yotchedwa Rockbox imene imalowa m'mapleya ena akale monga ma iPod ena ndi SanDisk Sansa Clip, n'kuwaphunzitsa mitundu ya mafayilo imene sankaidziwa. Si ya munthu wongoyamba kumene.

Batire silikufika maola amene analemba m'kabuku.

Werengani tizilembo tapansi pa nambalayo. Maolawo amayezedwa sikirini itazima, voliyumu ili pakati, Bluetooth yozimitsa, ndiponso ndi MP3 wamba. Chimene chimadya moto kwambiri ndi sikirini, ndiye chepetsani kuwala kwake ndi nthawi imene imakhala yoyaka pansi pa Backlight kapena Screen Timeout. Onaninso ngati pleya yanu imazimadi mukaimitsa nyimbo kapena imangogona.

Mdani wamkulu wa batire la lithium ndi kutentha. Musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Ngati muisunga miyezi ingapo osaigwiritsa ntchito, isiyeni ndi moto wapakati, ndipo muziitchajako apo ndi apo. Mukaona pleya yafufuma, sikirini yatukuka kapena chikuto chayasama, batire latupa: lekani kuitchaja, musaifinye, musaiboole. Chithunzi cha bini yodulidwa ndi mtanda chimatanthauza kuti isatayidwe pamodzi ndi zinyalala wamba.

Yalembedwa IPX4. Ndingasambire nayo?

Ayi. IPX4 ndi ya madzi ongowaza, monga thukuta ndi mvula yowaza. IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Zosambira nazo zimalembedwa IPX8, ndipo kabuku kamanena kuya kwake komanso ngati madzi amchere ndi ololedwa. Pleya yopanda chizindikiro chilichonse ikanyowa, izimitseni, tulutsani khadi, ndipo musaitchaje mpaka itaumiratu.

Ndi zinthu ziti zimene anthu sazipeza okha popanda kabuku?

Zimene ine ndimazikonda ndi zitatu. A-B Repeat imakulolani kuika chizindikiro poyambira ndi pothera kachigawo kena, n'kumakabwereza mpaka mutakagwira. Kwa wophunzira chinenero, woimba kwaya kapena woimba gitala, palibe batani loposa limeneli, koma limabisika pansi pa menyu imene imatuluka pokhapokha nyimbo ikuimba. Sleep Timer imazimitsa pleya pakatha mphindi zimene mwasankha, kuti musadzuke batire litatha. Resume kapena Bookmark imakumbukira pamene munalekezera, zimene n'zofunika pa mafayilo aatali. Pa mapleya ena imagwira pokhapokha mwaika fayiloyo mu foda ya Audiobooks kapena Podcasts, ndipo ameneyo ndi mzere umodzi wokha m'kabuku konse.

Mapleya ambiri amaonetsanso mawu a nyimbo pa sikirini ngati mwaika fayilo ya .lrc ya dzina lofanana ndendende ndi la nyimboyo mu foda imodzi.

Ndikufuna kuphunzitsa munthu wachikulire amene sakonda zowerenga timabuku. Ndiyambire pati?

Kabuku werengani ndinu, koma pleya ikhale m'manja mwawo. Mukangoilanda n'kunena kuti "taonani, mumangotere", adzaona zala zanu zikuvina koma osatolapo kanthu. Yambani mwakonzeratu zonse: chinenero, malire a voliyumu, kukula kwa zilembo ngati pleya imalola, ndi mafoda ochepa a mayina omveka. Tsiku loyamba aphunzire zinayi zokha, kuyatsa, kuimitsa, kudumpha ndi voliyumu. Kenako alembereni pa pepala limodzi, zilembo zazikulu, m'mawu amene iwowo agwiritsa ntchito potchula mabataniwo. Akati "kapakatika", lembani "kapakatika". Pansi penipeni pa pepalalo onjezerani mzere wa kaswitchi ka Hold, chifukwa foni yoyamba imene adzakuimbireni idzakhala ya kameneko.